Madzi Akapanda Kufika Kumunsi: Chimene Chimavutitsa Kompyuta Pofufuza Pamene Netiweki Yafera

Pa 12 Meyi 2024 intaneti inayamba kukwawa ku Mozambique, Malawi, Tanzania mpaka Kenya. Munthu wa ku Ulongwe kapena ku Dedza amene ankayesa kutumiza uthenga tsiku limenelo akanatha kukayikira foni yake, mayunitsi ake, kapena nsanja ya netiweki imene amaiona paphiri. Zonsezo zinalibe mlandu. Zingwe ziwiri za pansi pa nyanja, EASSy ndi Seacom, zinali zitaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal ku South Africa, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Angónia. Kodwala kunali kwina, kobuula kwina.

Komabe kwa akatswiri vuto limenelo linali lapafupi, chifukwa chingwe choduka chimadziulula chokha. Alipo mavuto ena amene amachezetsa mainjiniya usiku wonse, makompyuta akuwala ngwee pamaso pawo, koma osadziwa pogwira. Apa m'pamene anthu amadabwa. Makampani a mafoni monga Vodacom, Movitel ndi Tmcel, a magetsi monga EDM, ngakhalenso mabanki, onse ali ndi makina olondera mizere yawo usana ndi usiku. Nanga makinawo amalekeranji kungonena kuti "pafa ndi apa", amisiri n'kunyamula zida ulendo? Ena amati ndi ulesi, ena amati makompyuta ake ndi okalamba. Pena zimatero ndithu. Koma pansi pa zonsezo pali chopinga cha masamu chimene ngakhale kompyuta yamphamvu kuposa zonse sinachidumphebe. Mlimi wa kachewere wa m'munsi mwa phiri la Dómue amachidziwa chopinga chimenechi, ngakhale sanachiwerenge m'buku.

Ngalande imodzi, bowo limodzi

Mvula ikangodula, alimi a m'mapiri a Angónia ndi Tsangano sapinda manja. Amapita kumtunda kwa mtsinje n'kuutchinga ndi miyala, matumba a mchenga ndi zibuma, madzi n'kupatukira m'ngalande yokumba ndi khasu. Ngalandeyo imalambalala m'mbali mwa phiri, kutsika pang'onopang'ono, kuwoloka khwawa pa paipi kapena pa mtengo wogoba, mpaka kukalowa m'madimba a kachewere, kabichi, tomato ndi anyezi, zimene zimadzaza misika ya Ulongwe ndi Lizulu n'kukwera malole opita ku Tete ndi ku Beira. Injini palibe, mafuta palibe. Chilipo ndi pangano: aliyense ali ndi nthawi yake yothirira, ndipo akamaliza amatseka pakamwa pa dimba lake ndi chibuma kuti madzi apitirire kwa anzake a kumunsi.

Tsono m'mawa wina mayi wa dimba lomaliza apeza ngalande ili gwaa. Ngati ngalande ndi imodzi ndipo bowo ndi limodzi, nkhani ndi yaifupi. Safunika n'komwe kuyenda mtunda wonse. Apite pakati pa ngalande. Akapeza madzi, vuto lili kumunsi kwa pamenepo. Akapeza pouma, lili kumtunda. Theka la ntchito latha. Apitenso pakati pa theka lotsalalo, n'kumatero. Kudula pakati kotereku n'kwamphamvu moti ngalande yokhala ndi malo 1,000 okayikitsa imangofuna kusuzumira ka 10, bowo lapezeka.

Ntchito yotereyi makina amaitha bwino zedi. Amisiri a zingwe za faiba ali ndi kachipangizo kotchedwa OTDR kamene kamaponya kuwala m'chingwe n'kuwerenga nthawi imene kuwalako kwatenga kuti kubwerere, ndipo poduka pamadziwika mpaka mamita ake. Mzere wa magetsi wochokera ku Songo, pa Cahora Bassa, kupita ku Apollo kufupi ndi Johannesburg ndi wautali pafupifupi makilomita 1,400. Palibe amene angauyende wapansi kufunafuna pamene wagunda. Mizere italiitali yotere imakhala ndi zida kumapeto kwake zoyezera mtunda umene vuto lagwera. Dziko likanakhala la ngalande imodzi ndi bowo limodzi, nkhani ino ikanathera pano.

Olakwa akachuluka

Koma madzi sasowa pa chifukwa chimodzi chokha. Nkhanu yaboola khoma la ngalande. Matope adzaza pokhota. Ng'ombe zaponda m'mphepete powoloka. Kasupe wachepa mphamvu chifukwa ndi Okutobala. Wina wa kumtunda sanatseke bwino pakamwa pa dimba lake. Choipa kwambiri n'chakuti chilichonse mwa izi pachokha chikhoza kukhala chaching'ono, chosayenera kuumitsa dimba la munthu. Nkhanu yatenga pang'ono, matope achedwetsa pang'ono, chibuma chikudontha pang'ono, ndipo zonse zikaphatikizana wa kumunsi sapeza ngakhale dontho. Amene akudula pakati uja apeza madzi akuyenda paliponse, kungoti akucheperachepera, ndipo alibe malo amodzi oloza chala.

Tiwerenge. Malo okayikitsa akakhala awiri, aliwonse abwino kapena oipa, mayankho otheka ndi anayi: onse abwino, oyamba okha oipa, achiwiri okha oipa, kapena onse oipa. Akakhala atatu, mayankho ndi 8. Kuwonjezera malo amodzi kumawirikiza mayankho kawiri. Pa malo 10 mayankho ndi 1,024. Pa malo 20 ndi 1,048,576. Pa malo 30 adutsa biliyoni. Kompyuta yoyesa mayankho biliyoni imodzi pa sekondi ingamalize malo 30 pa sekondi imodzi yokha, koma pa malo 60 ingathe zaka zoposa 36, ndipo pa malo 100 ingafune zaka pafupifupi 40 thiriliyoni. Netiweki ya kampani ya mafoni ili ndi zida masauzande ambirimbiri.

Apa m'pamene maganizo oti "angogula kompyuta yaikulu" amagwera m'dzenje. Kompyuta yothamanga kawiri kuposa ya chaka chatha imangokupatsani malo amodzi owonjezera. Yothamanga ka 1,000 imakupatsani malo 10 okha. Netiweki imakula msanga kuposa mmene liwiro la makina lingaitsatire.

Madandaulo atatu, mayankho anayi

Munthu wanzeru sayesa mayankho onse. Amamva madandaulo n'kufufuza pamene akukumanira. Tiyerekeze kuti ngalande yachita nthambi, ndipo anthu atatu afika pabwalo la amfumu. Woyamba akuti: "Amfumu, kwanga kwauma, ndipo madzi anga amadzera pamwala, pamkuyu ndi pansungwi." Wachiwiri akuti ake amadzera pamkuyu ndi pachulu. Wachitatu akuti ake amadzera pachulu ndi pansungwi. Amfumu akufuna malo ochepetsetsa amene, akakhala oipa, angafotokoze madandaulo onse atatu.

Palibe malo amodzi opezeka m'njira zonse zitatu, choncho oipa ndi osachepera awiri. Koma awiri ati? Pamkuyu ndi pachulu zikukwanira. Pamkuyu ndi pansungwi zikukwaniranso. Pachulu ndi pansungwi chimodzimodzi. Pachulu ndi pamwala nazonso. Madandaulo atatu, malo anayi, mayankho anayi, onse omveka. Palibe wanama, palibe wasokoneza masamu. Umboni umene ulipo sukukwanira kusankha limodzi. Tsono muyerekeze madandaulo 3,000 ndi malo 50,000.

Mu 1987 katswiri wa pa yunivesite ya Toronto, Raymond Reiter, anasonyeza kuti kupeza chimene chawonongeka m'makina alionse odziwika kapangidwe kake n'chimodzimodzi ndi ntchito ya amfumu aja: kupeza kagulu kochepetsetsa kokhudza dandaulo lililonse. Tsoka lake n'lakuti zaka 15 m'mbuyo mwake, mu 1972, Richard Karp wa ku Berkeley anali ataika kale funso lomweli pa mndandanda wa mafunso 21 a gulu lotchedwa NP-complete. Mafunso a gulu limeneli ali ndi khalidwe limodzi. Wina akakupatsani yankho, kulitsimikiza n'kosavuta: akati "ndi pachulu ndi pamwala", mungoyang'ana njira zitatu zija n'kuvomera. Koma kulipeza nokha, palibe amene akudziwa njira yachidule yogwira ntchito nthawi zonse. Ndiponso palibe amene watsimikiza kuti njira yoteroyo kulibe. M'chaka cha 2000 bungwe la Clay Mathematics Institute linalonjeza madola 1 miliyoni kwa amene adzathetse mkanganowu, ndipo ndalamazo zikadali chikhalire.

Ena anati tisiye kufuna yankho lotsimikizika, tingowerengera limene lili ndi mwayi waukulu, pakuti nkhanu zimaboola kawirikawiri kuposa mmene mwala umagumukira. Nzeru yabwino, koma mu 1990 Gregory Cooper anasonyeza kuti kuwerengera mwayi molondola, pamene zoyambitsa ndi zizindikiro zalukanalukana, nakonso n'kolemera chimodzimodzi. Ena anati tingokonza dongosolo labwino koposa la poyambira kuyang'ana ndi potsatira. Laurent Hyafil ndi Ronald Rivest anali atatseka kale khomo limenelo mu 1976: kupeza dongosolo labwino koposa la mayeso nakonso kuli m'gulu lomwelo.

Ofuula ndi ambiri, pobooka pali zii

Mpaka pano tayesa ngati umboni ndi woona ndipo ukufika bwino. Kudimba sizitero. Khoma likagumuka kumtunda, amene amafuula ndi onse a kumunsi, makumi awiri kapena atatu, aliyense ndi nkhani yake. Pogumuka penipenipo palibe amene akufuula, chifukwa pamenepo madzi ndi ochuluka. Netiweki nayo imatero: chida chimodzi chikafa, zida mazana zodalira icho zimaliza mabelu nthawi imodzi. Pa 24 Julayi 1994, pa fakitale yoyenga mafuta ya Texaco ku Milford Haven, ku Wales, anthu awiri oyang'anira makina analandira machenjezo 275 m'mphindi 11 zomaliza fakitaleyo isanaphulike. Uthenga wofunika unalipo, koma unamira m'phokoso.

Palinso mboni yonena zoona koma yosocheretsa. Bambo atuma mwana kukatseka pakamwa pa dimba. Madzulo anzake a kumunsi abwera: "Achimwene, madzi mwatsekera kuti?" Bamboyo aitana mwana, mwana n'kuti, "Ndinatseka, ababa." Sakunama, chibuma anaikadi, koma madzi anachikokolola iye atangotembenuka. Zoterezi zinachitika pa 28 Malichi 1979 pamalo opangira magetsi a nyukiliya a Three Mile Island ku America. Nyale ya m'chipinda choyang'anira inkasonyeza kuti valavu yauzidwa kutseka, ndipo ogwira ntchito anamva ngati yatsekeka. Valavuyo inali yotseguka, ndipo madzi oziziritsa anatayika kwa maola oposa awiri. Kompyuta yofufuza vuto iyenera kukayikiranso zida zake zoyezera, ndipo chida chilichonse choyezera ndi malo enanso okayikitsa, owirikiza mayankho kawiri.

Nanga mthenga akapanda kubwerako? Mwatuma mnyamata kumtunda kukaona, dzuwa lapendeka, iye osaoneka. Wachedwa ndi kukonza? Wapatukira kwa anzake? Wagwa m'khwawa? Muli kumunsi simungasiyanitse. Mu 1985 Michael Fischer, Nancy Lynch ndi Michael Paterson anatsimikiza ndi masamu kuti makompyuta olankhulana popanda malire a nthawi imene uthenga ungachedwe sangalonjeze kuti adzagwirizana chimodzi ngati ngakhale imodzi yokha mwa iwo ingafe, pakuti wakufa ndi wochedwa amaoneka mofanana. Nsanja ya netiweki ya kumudzi ikakhala chete, ku likulu sadziwa msanga ngati magetsi azima, mabatire atha, faiba yadulidwa ndi okumba msewu, kapena chida chopereka malipoti ndicho chafa pamene anthu akuimba bwinobwino.

Choopsa koposa ndi pamene mthenga amayenda m'njira yomweyo imene yawonongeka. Pa 14 Ogasiti 2003, pulogalamu yoliza machenjezo ya kampani ya FirstEnergy ku Ohio inaima mwakachetechete. Kwa nthawi yoposa ola, mawaya ankagunda mitengo n'kumazima mmodzimmodzi oyang'anira akuona ngati zonse zili bwino, mpaka anthu pafupifupi 50 miliyoni ku America ndi Canada anakhala mumdima. Pa 4 Okutobala 2021, Facebook, WhatsApp ndi Instagram zinasowa kwa maola pafupifupi 6. Lamulo limodzi lolakwika pa ntchito yokonza linadula netiweki yamkati ya kampaniyo, ndipo zida zambiri zofufuzira vuto zinapita nayo limodzi. Mainjiniya anachita kutumizidwa kumene kuli makinawo kukawagwira ndi manja.

Walira mvula walira matope

Alimi ochenjera amalumikiza ngalande ziwiri kuti ina ikauma madzi adzere inzake. Mainjiniya nawo amamanga njira zapadera kuti chingwe china chikaduka mauthenga alambalale. Zimathandiza, koma zili ndi matope ake. Ngalande yoyamba ikabooka palibe wodandaula, chifukwa yachiwiri yabisa manyazi. Bowolo limakhala miyezi osadziwika, mpaka tsiku limene yachiwiri nayo idzatsekeke, ndipo onse amathamangira vuto latsopanolo osadziwa kuti lilipo lakale. Komanso madzi akakhala ndi njira zingapo, wodandaula sangathenso kunena motsimikiza kumene madzi ake amadzera, chifukwa lero adzera uku, mawa uko.

Onjezani wakuba madzi usiku. Amatsegula anthu atagona, n'kutseka tambala asanalire. Mukapita masana ndi makasu, zonse zili m'malo mwake. Vuto lobwera n'kupita lotereli ndilo amisiri amadana nalo koposa: polumikiza waya pamene pamagunda pakagwa mvula pokha, kapena pulogalamu imene imasokonezeka pokhapokha mauthenga awiri akafika nthawi imodzimodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kasitomala amene ndalama zake zatsakamira m'foni alibe nthawi yodekha.

Pali pamodzi pamene ngalande ndi netiweki zimasiyana kotheratu. Madzi amayenda mwa liwiro loti munthu akhoza kuwatsatira ndi maso. Magetsi sadikira. Pa 28 Epulo 2025 magetsi a Spain ndi Portugal anazima m'masekondi ochepa, koma boma la Spain linatulutsa lipoti la chimene chinachitika patapita milungu 7, akatswiri atasanja mosamala chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Zochitika zikathinana m'kamphindi kotero, ngakhale kudziwa choyamba ndi chiti kumafuna kuti mawotchi a zida zonse akhale ogwirizana ndendende.

Nanga zimatheka bwanji?

Masamu aja sakunena kuti vuto lililonse n'losapezeka. Akunena kuti palibe njira imodzi yachangu yolonjeza yankho nthawi zonse. Tsiku ndi tsiku mainjiniya amapulumukira m'njira zomwe alimi amagwiritsa ntchito.

Amayamba ndi kuganiza kuti olakwa ndi ochepa. Pa zida 1,000, kukayikira chimodzichimodzi ndi mayeso 1,000. Kukayikira ziwiriziwiri ndi 499,500. Zitatuzitatu ndi oposa 166 miliyoni. Kompyuta imatha zimenezi, koma ikamapitirira msewu umatsekeka msanga. N'chifukwa chake makina odzifufuza amachita bwino masiku wamba, n'kusokonezeka tsiku la chimphepo ngati Ana wa mu Januwale 2022, pamene mitengo, milatho, mapolo ndi zingwe zimagwa nthawi imodzi. Tsiku limene mukuwafuna kwambiri ndilo tsiku limene masamu awo amalemera kwambiri.

Amayambanso ndi wolakwa wa masiku onse. Mkulu amene wathirira ngalande imodzi zaka makumi atatu amadziwa kuti pachulu m'pamene nkhanu zimakonda. Mapulogalamu ophunzira kuchokera ku zolembedwa zakale, amene masiku ano akutchuka ndi dzina la AI, amachita zomwezo, ndipo amathandizadi kusefa phokoso la machenjezo. Koma mkulu uja mukamuikira paipi yatsopano imene sanaionepo, nzeru zake za nkhanu sizimuthandiza. Mavuto aakulu kawirikawiri amakhala achilendo, osapezeka m'zolembedwa.

Chachikulu koposa ndi mapu. Mu 1999 bungwe la NASA linalola pulogalamu yotchedwa Remote Agent kuyendetsa chombo cha Deep Space 1 m'mlengalenga, ndipo inazindikira zovuta zimene anaiikira dala poiyesa. Inatha chifukwa chida chilichonse cha m'chombomo chinali chodziwika, ndipo palibe amene akanabwera usiku kudzalumikiza waya wake. Netiweki ya pansi pano siikhala choncho. Imakula chigamba pa chigamba, zida za makampani osiyana, za zaka zosiyana, zina zolumikizidwa mwachangu tsiku la ngozi n'kuiwalika kulembedwa. Ngati wina wakumba kangalande kake osauza amfumu, nzeru zonse za pabwalo zidzaloza polakwika.

Choncho mankhwala enieni sali m'kukula kwa kompyuta, ali m'kamangidwe. Netiweki yogawidwa zigawo zazing'ono, zoti chimodzi chikhoza kutsekedwa n'kuyesedwa pachokha, imasandutsa funso limodzi la malo 100 kukhala mafunso 10 a malo 10, ndipo m'malo mwa zaka 40 thiriliyoni zija mwatsala ndi mayeso pafupifupi 10,000. Chida choyezera choikidwa pamphambano yoyenera chimathetsa mkangano umene masamu sakanauthetsa: amfumu aja akanangodziwa kuti pachulu m'pabwino, pa mayankho anayi aja pakanatsala limodzi. Ndipo uthenga wa machenjezo uyenera kukhala ndi njira yakeyake, yosadalira mzere umene ukulonderedwa.

Kumadera ngati Angónia, kumene nsanja zili motalikirana ndipo mmisiri amayenda mtunda wautali pa msewu wafumbi kuti akafike, zida zoyezera n'zochepa, ndipo anthu ndiwo amakwaniritsa umboni. Kuimba n'kungoti "netiweki palibe" kumathandiza pang'ono. Kunena mudzi umene muli, nthawi imene zayamba, ngati magetsi alipo, ngati kuimba kukutheka pamene intaneti yokha ndiyo yakana, ngati foni ya mnzanu ya kampani ina ikugwira, n'kumuchotsera wofufuza mulu wa mayankho pa chiganizo chilichonse. Ndipo pamene boma kapena kampani ikulonjeza makina anzeru odzipezera okha mavuto, mafunso oyenera kufunsa ndi atatu: mapu a mizere yanu ndi a chaka chiti, zida zoyezera mwaika pati, ndipo mzere waukulu ukafa uthenga wa imfa yake udzadzera kuti? Kampani yolephera kuyankha mafunso amenewa, ngakhale igule kompyuta yodula bwanji, idzapitiriza kutumiza amisiri ake kolakwika.